Chilembo cha pa Pilo ya Malemu Akazi Anga

Nkhaniyi sindinaifotokozepo kwa munthu kuchokera poyambira mpaka pothera. Anthu a m'mudzi muno amadziwa mbali imene ndinawauza ine mwini zaka zambiri zapitazo, ndipo mbali imeneyo ndi yabodza. Ndikulemba ndi dzanja langa, pang'onopang'ono, chifukwa cholembera ndinachigwira nditamera kale imvi.

Ndinakulira pamadzi. Bambo anga anali ndi bwato, ndipo mwana wamwamuna wa munthu wa bwato ankaona khomo la sukulu pokhapokha mwera ukavuta. Kumadrasa ndinapitako pang'ono, ndinaloweza zokwanira kuswalira kumzikiti, koma kuwerenga ayi. Nditakula ndinaphunzira kubisa. Munthu akandipatsa pepala ndinkati maso anawonongeka ndi dzuwa la panyanja, apo ayi ndinkapsa mtima dala kuti nkhani ithere pomwepo. Kupsa mtima kunali kosavuta kuyerekeza ndi kunena kuti sinditha.

Ndinakwatira kumwera kwa boma la Nkhotakota, njira ya ku Benga. Nyumba ndinamanga pamalo a kwawo kwa akazi anga, ndipo alongo awo awiri, alamu anga, ndiwo anali eni mbumba. Tinabereka anyamata atatu, kenako mzime wamkazi. Mtsikanayu ndiye anapita patali ndi sukulu, mpaka kusekondale.

Chaka china kunabwera anthu oona za ulimi wa mpunga m'madambo athu, ndipo pakati pawo panali mayi wina wa ku Korea. Ife tinkangoti Mtchaina, poti sitinkasiyanitsa. Mayiyo anafuna mtsikana womuphikira ndi kumumasulira akamalankhula ndi alimi, ndipo anatenga mwana wanga. Anagwirizana kwambiri. Mwanayo akaweruka ankakhala pabwalo ndi amayi ake, n'kumawalembera pamchenga ndi kamtengo malembo a kwawo kwa mayi uja. Ndinkawamva akuseka ndili kunjira. Ndikangotulukira, mmodzi wa iwo ankafufuta ndi phazi. Ankadziwa kuti malembo amandisandutsa munthu wina.

Mayi wa ku Korea atabwerera kwawo, akazi anga anayamba chifuwa. Ankatsokomola, madzulo thupi linkatentha, zovala zinayamba kuwakulira. Mwana wanga anandiuza kuti tiwatengere kuchipatala ku boma. Koma chaka chimenecho usipa unachuluka kwambiri, ndipo usipa timapha ndi nyali mwezi ukakhala mumdima. Ndinati tidikire mwezi uwale, asodzi tikamapuma. Mwezi utawala ndinati ndiyambe ndasoka ukonde. Ndinawagulira mapiritsi kugolosale. Mdima unabweranso, ine n'kubwereranso pamadzi. Akazi angawo sanali munthu wodandaula, ndipo ine ndinaona ngati kusadandaulako ndiye kupeza bwino.

M'masiku amenewo mwana wanga anasoka nsalu yatsopano ya pilo ya amayi ake. Ankasokera pakhonde, masana, aliyense akuona. Amayi ake anali gone pamphasa pambali pake, ndipo ndiwo anasankha ulusi wofiira pakati pa wofiira ndi wobiriwira. Ine ndinali pomwepo, ukonde uli pamiyendo. Pakona ya nsaluyo anapetapo chilembo chimodzi, chachikulu ngati chikhatho cha khanda. Pamwamba chinali ngati ndowa yokhala ndi madzi theka. Pakati panali mzere wogona wokhala ndi kachikhomo koloza m'mwamba. Pansi panali chopindika ngati mbedza. Atamaliza anachitambasula n'kundionetsa.

"Ababa, mukudziwa chimene ndalemba apa?"

"Ukufuna kundiyesa pamaso pa amako?" ndinatero.

Mwanayo anapinda nsaluyo. Amayi ake anailandira, anaisisita ndi chala, n'kumuuza kuti aiveke pilo lero lomwe.

Pamene ndinawakweza panjinga kupita ku boma, anali opepuka ngati mwana. Adokotala anandifunsa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi. Sanakhalitse m'chipatalamo. Tinawaika m'manda tsiku lomwelo limene anatisiya.

Patsiku la sadaka, anthu atadya n'kuyamba kubalalika, alamu anga anandiitanira kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Panali alamu aakulu, alamu aang'ono, ndi achemwali a malemu. Alamu aakulu sanakweze mawu. Anangofunsa kuti mlongo wawo anatsokomola kuyambira nthawi ya mvula mpaka nthawi yozizira, nanga chinandiletsa n'chiyani kupita naye kuchipatala. Onse ankandiyang'ana. Ndinadziwa kuti yankho langa ndi usipa, ndipo ndinadziwa kuti mkamwini woyankha choncho sagonanso m'mudzimo.

Ndinanyamuka, ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pilo ija n'kuiponya pakati pawo.

"Musanandifunse ine, funsani ichi. Chinali kunsi kwa mutu wawo mpaka tsiku limene tinanyamuka."

Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti zithumwa zina zimalembedwa. Pali anthu amene amalemba timalembo m'timabokosi, n'kusokera m'kansalu, zina zoteteza, zina zopweteka. Choncho sindinafunike kunena zambiri. Achemwali a malemu anatola piloyo ndi nsonga za zala, anaiyang'anitsitsa, n'kuyamba kumasulira okha. Anati cha pamwambacho ndi jeneza, chonyamulira maliro. Mzerewo ndi nthaka. Mbedza ili kunsi kwa nthakayo ikukokera munthu pansi. Atatero aliyense anayamba kuona zomwezo. Ine ndinangogwedeza mutu.

Anaitana shehe amene anali asanachoke. Iwo anayang'ana n'kunena kuti si Chiarabu, sakuchidziwa, ndipo si bwino kuweruza mwana pa chinthu chimene palibe akutha kuchiwerenga. Anali mawu anzeru, koma anthu anangotolapo zoti ngakhale shehe chawakanika.

Kenako anaitana mwana wanga. Anabwera manja ali onyowa, ankatsuka mbale za sadaka ya amayi ake. Anafotokoza kuti ndi chilembo cha ku Korea, tanthauzo lake madalitso, ndipo kwawoko amapeta pamapilo pofunira munthu zabwino. Achemwali a malemu aja, amayi ake aang'ono, anamufunsa kuti angachitire umboni ndani, popeza womuphunzitsayo anathawa kale. Apo mwanayo anatembenukira kwa ine.

"Ababa, auzeni. Munalipo. Amayi ndiwo anasankha ulusi."

"Ine ndinali kunyanja," ndinatero.

Alamu aang'ono anatentha piloyo pomwepo. Funso la chipatala silinabwerenso, ngakhale tsiku limodzi.

Palibe anamuthamangitsa mwana wanga. Zinangochitika kuti akaphika, amayi ake aang'ono ankati akhuta. Akafika pamjigo, anthu ankasendeza ndowa zawo. Mnyamata amene ankamufunsira anasiya kudutsa njira yathu. Mpunga usanache m'dambo anamanga katundu wake n'kukwera minibasi ya ku Dwangwa. Kumeneko anapeza ntchito m'sitolo, anakwatiwa, ali ndi ana amene ndimangowaona pafoni za alongo ake. Munda wa amayi ake, umene unayenera kukhala wake, akulima ndi ana a ena. M'mudzi mwake mwenimweni, mmene anabadwira amayi ake ndi agogo ake, sanapondemonso. Akamamutchula amati uja wa pilo.

Ine mlendo ndiye ndinatsala. Alamu sanandisudzule kuti ndibwerere kwathu. Ankandimvera chisoni ngati munthu amene mwana wake anamulanda mkazi, ndipo achemwali a malemu ankanditumizira ndiwo. Ndinkadya.

Zaka zonsezi ndinali ndi pobisala pamodzi. Ndinkadziuza kuti tanthauzo lenileni la chilembocho palibe akulidziwa. Mwina mwanayo ananamizidwa ndi mayi uja. Mwina chinalidi choipa iye osadziwa. Ndikaganiza choncho ndinkatha kugona.

Mapewa atayamba kukana nkhafi ndinasiya nyanja, ndipo masiku anatalika. Ndipamene ndinalowa sukulu ya kwacha, imene inkachitikira m'kalasi ya pafupi ndi tchalitchi cha Anglican. Mwamuna ndinalimo ndekha. Aphunzitsi athu anali bambo wopuma pantchito, msinkhu wanga womwewu, wokonda nthabwala. Ankanditcha mwana wawo woyamba, ine n'kumawatcha achimwene, ndipo ubwenzi wathu unapitirira sukuluyo itatha. Iwo ndiwo anandionetsa kuti chilembo ndi mawu a pakamwa amene munthu wawajambula, basi. Tsiku limene ndinalemba dzina langa azimayi anaimba nthungululu. Ine ndinaseka nawo, koma m'mutu munali ndowa ija, mzere ndi mbedza.

Mwezi wathawu ndinapita kumsika wa ku boma kukafuna jekete ya kaunjika, poti mwera wa chaka chino ukundilowa m'mafupa. Ndikuvundukula mulu wa zovala ndinagwira kathumba kakang'ono kofiira, konyezimira, kokhala ndi chingwe chokokera kukamwa. Nditakatembenuza ndinaona chilembo chija cha pa pilo. Chinali chomwecho. Ndowa, mzere, mbedza, zosokedwa ndi makina, ulusi wachikasu. Pambali panali timatumba tina totero, tobiriwira ndi tapinki, tonse chilembo chimodzimodzi. Ndinafunsa wogulitsayo kuti n'chiyani. Anati iye sadziwa, zangotuluka m'belo, nditenge ndizisungiramo mapiritsi a BP. Jekete sindinagule. Ndinagula kathumbako.

Ndinakwera kabaza mpaka kwa aphunzitsi. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa, akazi awo atapita kumaliro.

"Mwana wanga woyamba," anatero, "mwabwera ndi homuweki kapena mwamva fungo la chinangwa?"

"Ndabwera ndi mayeso, achimwene. Lero mulephera ndinu."

Ndinawapatsa kathumbako. Anavala magalasi, anakatembenuza uku ndi uku, n'kuvomera kuti alepheradi, koma ali ndi mnzawo amene salephera. Anatulutsa foni yaikulu imene anawatumizira mwana wawo wa ku Lilongwe, anajambula chilembocho, n'kudinadina. Posakhalitsa chinaonekera pagalasi, chakuda, choongoka bwino: 복. Anati ndi Chikoreya, amatchula kuti bok, ndipo tanthauzo lake ndi madalitso kapena mwayi. Anati timatumba totere amapatsa ana pa chaka chatsopano, ndipo chilembo chomwechi amachiika pamapilo, pamasupuni ndi pazitseko.

Anapitiriza kuwerenga, poti munthuyo akagwira chinthu chatsopano sasiya. Anati chimene ine ndinkachiona ngati chilembo chimodzi ndi malembo atatu osanjikizana. Ndowayo ndi b, mzere wa kachikhomowo ndi o, mbedzayo ndi k. Ife timandandalika malembo ngati nsomba pathandala, iwo amaunjika m'kabokosi kamodzi, kabokosi kalikonse kamvekedwe kamodzi. Anandiuza kuti ndinene k n'kumvetsera chimene lilime likuchita. Linapindika kukhosi, ndipo anati mbedza ija anaijambula potengera kupindika kumeneko. Tinakhala madala awiri pakhonde tikuti k, k, k, ngati nkhuku zotsamwa, mpaka aphunzitsi anagwetsa misozi ndi kuseka.

Kenako anawerenga kuti malembowa anakonzetsa ndi mfumu ina ya kumeneko kalekale. Inaona kuti alimi ndi anthu wamba sankatha malembo ovuta a anthu ophunzira, moti munthu akalakwiridwa sankatha kulemba dandaulo lake. Ndiye inafuna malembo oti munthu aliyense aphunzire msanga. Apo ine kuseka kunatha. Malembo amene ndinawaopa, amene ndinawaponya pansi pa mango, anapangidwira anthu ngati ine.

Aphunzitsi anati anditumizire kuti ndikhale nacho. Kafoni kanga ndi kamabatani, kogula kalekale. Kanalira m'thumba, ndinatsegula uthengawo, ndipo munalibe ndowa kapena mbedza. Munali kabokosi kopanda kanthu. Ndinawaonetsa. Anafufuzanso pafoni yawo n'kundifotokozera kuti makina satumizirana zithunzi za malembo, amatumizirana manambala. Chilembo chilichonse cha padziko, chathu, cha Chiarabu, cha Chikoreya, anachipatsa nambala yakeyake m'kaundula mmodzi, ndipo tizibokosi ta Chikoreyati tilimo masauzande, kalikonse ndi nambala yake. Ya ichi anandionetsa, yosakaniza malembo ndi nambala, BCF5. Foni yawo inatumiza nambalayo, yanga inailandira yonse bwinobwino, koma ilibe chithunzi choti ionetse. Ndiye imangoika kabokosi, kusonyeza kuti pali chinthu apa koma sindikuchidziwa.

Ndinakhala ndikuyang'ana kabokosiko. Aphunzitsi anatola mpeni kuti apitirize kusenda, kenako anauikanso pansi. Nkhani ya pilo anaimva kale ngati wina aliyense wa kuno, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti alumikiza.

"Kodi ndi chimenechi chinali pa pilo ija?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye mwana uja ankanena zoona," anatero motsitsa. Anandigwira bondo. "Musadzipweteke nazo, achimwene. Simunkadziwa. Nthawi imeneyo ngakhale chilembo cha a simunkachidziwa."

Pamenepo ndiye panali poti ndinene. Ndikanawauza kuti kuwerenga sindinkathadi, koma maso ndinali nawo. Ndinaona ulusi ukusankhidwa. Ndinaona chala cha akazi anga chikusisita nsaluyo. Sindinakhulupirirepo ngakhale pang'ono kuti mwana wanga anafuna kupha amayi ake. Koma dzanja lawo linali lofunda pabondo langa, ndipo ndinalandira chisoni chawocho monga ndinkalandirira ndiwo zija. Manyazi a tsiku limenelo anaposa a pansi pa mango, chifukwa tsopano ndinali wokalamba, wodziwa kuwerenga, ndipo panalibe mlamu wondiopseza.

Ndinangowapempha kuti andiphunzitse kalembedwe kake. Tinatsikira pabwalo. Iwo ankayang'ana pafoni n'kumandiuza poyambira, ine n'kumalemba pamchenga ndi kamtengo. Mizere iwiri yoimirira, wina wopingasa pakati, wina wotseka pansi. Kachikhomo, kenako mzere wogona. Pomaliza mbedza. Ankandidzudzula kuti ndowa yanga ikudontha, ndibwereze. Ndinabwereza mpaka dzanja linazolowera. Nditaimirira phazi langa linapita lokha kukafufuta, ndipo ndinalibweza.

Pobwerera ndinayenda wapansi. Nambala ya foni ya mwana wanga ndili nayo, anandilembera mlongo wake wamkulu, ndipo sindinaimbepo. Ndinaganiza zopempha aphunzitsi kuti amutumizire chilembocho, aone kuti ndadziwa. Koma ndinaona kuti imeneyo ndi njira yanga yakale yomwe ija, yofuna kuti chinthu china chindilankhulire. Akanachilandira bwanji? Chilembo chimene chinamuchotsa pamudzi, chochokera kwa bambo amene anati anali kunyanja. Ndipo ngakhale akanandikhululukira pafoni, pamjigo akanapitiriza kumutcha uja wa pilo. Bodzalo sindinalinene ku Dwangwa. Ndinalinena kuseri kwa nyumba yanga, pamaso pa eni mbumba. Alamu aakulu anamwalira akulikhulupirira, shehe aja nawonso anapita. Otsala ndi alamu aang'ono, amene anayatsa moto, ndi achemwali a malemu, amene anaona jeneza. Onse ndi okalamba ngati ine. Tikapita atatufe, palibe adzathe kuchotsa dzina limenelo pa mwana wanga.

Ndinadziwanso chimene chingatsatire. Akhoza kundiuza kuti ndimange katundu, ndipo kwathu kumene ndinachokera kulibe amene angandizindikire. Anyamata anga adzamva kuti mlongo wawo anachoka chifukwa cha usipa. Mwana wangayo mwina sadzabwera ngakhale atamuitana ndi ulemu wonse. Madzulo amenewo sindinadye.

M'mawa mwake, nditachoka kumzikiti, ndinatola khala lalikulu pambaula. Khoma la nyumba yanga loyang'ana kunjira ndi lopaka laimu. Ndinayamba ndi ndowa, m'mwamba mmene dzanja limafika, kenako mzere ndi kachikhomo kake, kenako mbedza, chachikulu choti munthu achione ali kumjigo. Chinapendama pang'ono koma chinali chomwecho. Ndinatulutsa mipando iwiri ndi mphasa, ndinaika kathumba kofiira pampando umodzi, n'kukhala pa winawo.

Alamu aang'ono amadutsa pamenepo tsiku lililonse popita kudambo. Anatulukira khasu lili paphewa, anandipatsa salamu, kenako anaona khomalo. Anaima.

"Alamu, mutu uli bwino? Ichi si chija tinatentha?"

"Ndi chomwecho," ndinatero. "Tsitsani khasu, mukhale apa. Muitanitsenso achemwali anu, mphasayi ndayalira iwo. Funso lija la chipatala sindinayankhe."